Mthuthuthu wakale ukumangozima mukaima? Kasikuluwu ka pa kabuleta kasintheni chonchi

Njinga yomwe ndimakwera ndi Honda CG125 yakale yomwe anandisiyira malemu bambo anga, ndipo chaka chatha inayamba khalidwe loipa, pa msewu ikuthamanga bwinobwino koma ndikangotseka mafuta pa chogwirira kuti ndiime basi yazima. Tsiku lina inandizimira pa raundabauti ya Chichiri cha m'ma 5 koloko madzulo, minibasi kumbuyo ikuliza hutala, kondakitala akukuwa, ine thukuta kamukamu ndikumenya kiki pakati pa msewu. Mawa lake ndinapita nayo kwa makaniko wina, iye anangotenga sikuludiraiva n'kukweza idling, kulira kwa injini njinga itaima, injini kumalira ngati chigayo, nde akuti zatheka. Kuzima inasiyadi, koma giya yoyamba inayamba kulowa ndi kugunda, mafuta kumatha msanga, injini kumatentha pa mzere wa magalimoto ku Ginnery Corner. Vuto anangolibisa osalichotsa. Ndi pomwe ndinakhala pansi kuphunzira kabuleta yanga ndekha, ndipo zomwe ndikulemba pano ndi zomwe ndimachita mpaka lero.

Kaye timvetsetsane chomwe chikuchitika mkatimo. Mukatseka mafuta, silaidi, kachitseko ka mu kabuleta kokokedwa ndi kebulo ya mafuta, imatsika pafupifupi kutseka njira yonse ya mpweya, nde jeti yaikulu, yomwe imapereka mafuta njinga ikamathamanga, sigwiranso ntchito, injini imakhala ikudyera pa kajeti kakang'ono kotchedwa pilot jet, ena amati slow jet. Bowo lake ndi laling'ono zedi moti kamchenga kamodzi kakhoza kulitseka. Mafuta odutsa pamenepo amasakanizana ndi mpweya, ndipo kasikuluwu ka mikisicha ndi komwe kamagamula kuti chichuluke n'chiyani. Zili ngati mbaula abale, mukaunjika makala ambiri mpweya osalowa mumangopeza utsi, mukaika ochepa mphepo ikuomba moto suchedwa kuzima. Injini pa idling imafuna pakatikati.

Nde musanagwire chilichonse mvetserani kaye njingayo ikukuuzani chani. Ngati mafuta achepa mpweya wachuluka, njinga imafuna choki, chothandiza kuliza injini yozizira, nthawi yaitali ngakhale yatentha kale, mukaipatsa moto n'kusiya injini imachedwa kutsika, imakhala kaye m'mwamba kenako n'kugwa, ekizozi imaphulika phuphuphu mukamatsetsereka mafuta otseka monga pochokera ku Limbe kutsikira m'tauni, ndipo mukatsegula mafuta mwadzidzidzi imakhala ngati yatsamwa. Ngati mafuta achuluka zimakhala zosiyana, m'mawa imalira msanga osafuna choki n'komwe, koma ikatentha ndi pomwe imayamba kulira molemera, fungo la petulo kumbuyo, mukaipatsa moto n'kusiya imagwa pansi kupitirira idling n'kuzima. Masulani pulagi muione. Yakuda ya mwaye wouma ndiye mafuta achuluka, yoyera mbee ndiye achepa, yabwino imaoneka ngati tiyi wothira mkaka.

Pano mundimvetse bwino chifukwa apa ndi pomwe ambiri amataya tsiku lonse pachabe. Kasikuluwu aka sikachiza matenda ena. Ngati fyuluta ya mpweya yadzaza fumbi, ndipo fumbi la mwezi wa Okutobala ku Machinjiri kapena ku Bangwe mukulidziwa, njinga idzalemera mafuta ngakhale mupotoze bwanji. Chapani fyuluta kaye, ya siponji mukachapa muiumitse n'kuipaka oyilo pang'ono ndi kufinya, ya pepala ingogulani ina. Pulagi ikhale yabwino, mpata wake pa CG125 ndi 0.6 mpaka 0.7 mm. Mavalavu nawo muwayeze injini ili yozizira, pa CG125 ndi 0.08 mm onse awiri, chifukwa valavu yothina imapangitsa njinga kuzima ikangotentha ndipo munthu umaganiza kuti ndi kabuleta pomwe ayi. Njinga zakale kwambiri za ma points, tizitsulo togundana tolamulira moto wa pulagi, muonenso kuti ma points ndi oyera ndipo tayimingi ili pamalo pake. Chivundikiro cha thanki chili ndi kabowo kopumira, kakatsekeka mafuta amasiya kutsika, nde ngati njinga ikuzima mukayenda kamtunda koma mukatsegula thanki mukumva fyuu n'kuliranso, vuto lanu ndi limenelo.

Chinanso chachikulu ndi mpweya wolowera pambali. Labala yolumikiza kabuleta ku injini ikakalamba imang'aluka, kapena gasiketi yake imatha, injini n'kumakoka mpweya wosadutsa mu kabuleta. Kuyesa kwake n'kosavuta, injini ikulira pa idling poperani pang'ono sipulei yotsukira kabuleta mozungulira polumikizirapo, ngati kulira kwasintha ndiye kuti pali podontha. Pang'ono chabe ndipo osalozetsa ku ekizozi, zinthu izi zimayaka. Amene muli ndi za two stroke ngati Yamaha DT125 kapena AG100, mpweya umathanso kulowera pa masilo, malabala otsekera a kirankishafuti, idling n'kumakwera n'kumatsika yokha, pamenepo kabuleta ilibe mlandu.

Zonsezi zikakhala bwino, pezani masikuluwu awiri aja. Yoyamba ndi ya idling, imakhala yokulirapo, nthawi zambiri sipuling'i yake imaonekera kunja ndipo ili pakati pa kabuleta molunjika silaidi, ntchito yake ndi kungonyamula silaidi kuti injini ilire mokwera kapena motsika. Yachiwiri ndi ya mikisicha, kakang'ono ka mkuwa kobisala mu kadzenje. Nde apa pali chinthu chomwe chimasokoneza ngakhale amakaniko, kasikuluwu aka kali mitundu iwiri. Ngati kali mbali ya fyuluta ya mpweya, kumbuyo kwa silaidi, kameneko kamalamulira mpweya, mukamanga mukuchepetsa mpweya ndiye mafuta achuluka, mukamasula mpweya wachuluka. Ngati kali mbali ya injini, kawirikawiri kunsi kutsogolo kwa mbale ya fuloti, mbale yosunga petulo pansi pa kabuleta, koloza pansi, kamalamulira mafuta, mukamanga mafuta achepa, mukamasula achuluka. Ma two stroke a kabuleta ya Mikuni ambiri ali ndi ka mpweya, ma four stroke ambiri a Keihin ali ndi ka mafuta, ndipo njinga za ku Britain za kabuleta ya Amal monga Triumph ndi BSA zili ndi ka mpweya. Yang'anani yanuyo ndi maso anu chifukwa njinga zakale zambiri kuno zinasinthidwa kale kabuleta, munthu anaikapo ya njinga za kabaza poti injini zambiri za ku China zija anakopera ku CG125 ndipo zimakwanirana.

Tsopano itenthetseni. Osati kungoiliza pakhomo mphindi ziwiri, ayi, ikwereni mphindi 10 kapena 15, ine ndimazungulira kuchokera ku Chilomoni kukafika pa Clock Tower n'kubwerera. Injini yozizira imafuna mafuta ambiri, nde mukasintha ili yozizira mudzaika mafuta ochuluka ndipo ikatentha idzayambanso kuzima. Mukabwerako iimikeni pa sitandi yapakati pamalo athyathyathya, giya pa nyutulo, choki chisakugwira ntchito. Chitirani panja chonde, osati m'kachipinda kotseka, utsi wa ekizozi uli ndi mpweya wopanda fungo womwe umapha ngati wa mbaula yogona nayo m'nyumba.

Zimitsani injini kaye muwerenge pomwe kasikuluwu kali panopa. Ikani sikuludiraiva yaing'ono yokwana bwino mu mzere wake, yang'anani komwe mzere waloza, nde mangani pang'onopang'ono mukuwerenga, theka, kamodzi, kamodzi ndi theka, mpaka mumve kagunda. Kakangogunda siyani pomwepo. Apa ndikupempheni ndithu achimwene, gwirani sikuludiraiva ndi zala ziwiri zokha ngati mukugwira cholembera. Nsonga ya kasikuluwu ka mafuta ndi yosongoka ngati singano ndipo ndi mkuwa wofewa, mukakanikiza imapindika kapena kuthyokera mu bowo, ndipo ikathyokera mmenemo kuichotsa kwake n'kovuta zedi, ambiri amangogula kabuleta ina. Nambala mwapezayo ilembeni mu foni kapena pa khoma ndi khala, kuti zikasokonekera mudziwe pobwerera. Ine yanga ndi ya mafuta, ndinaipeza ili pa theka lokha, munthu wina anaimanga kale pofuna kusunga mafuta, n'chifukwa chake inkafa ndi njala pa idling.

Kenako kamasuleni kubwerera pa nambala yomweyo, koma ngati nambala yomwe mwapeza ikuoneka yachilendo, yambirani pa malo omwe ambiri amayambira, ka mpweya masulani kamodzi ndi theka kuchokera pogunda paja, ka mafuta pafupifupi kawiri. Ngati muli ndi buku la njinga yanu tsatirani limenelo. Koma dziwani kuti nambala imeneyi ndi poyambira chabe, simalo omaliza.

Lizani injini, nde ndi sikuluwu ya idling ija ikwezeni pang'ono kuti isazime muli mkati mosintha, pang'ono chabe, chifukwa mukakweza kwambiri silaidi imatseguka mokwanira kuti mafuta ayambe kudzera njira ina ndipo kasikuluwu kathu sikamvekanso. Tsopano khalani chonjuta pambali pa njinga, dzanja lisamale ndi ekizozi ndi silinda, ka mafuta kaja kali pamalo othina moti ine ndinachita kudula sikuludiraiva yakale kuti ifupike. Mangani kota imodzi, kenako dikirani, werengani mpaka 15. Kudikira kumeneku ndi komwe anthu amakulephera, injini siyankha nthawi yomweyo, imayenera ithe kaye kudya zomwe zinali m'njira. Mverani, yakwera kapena yatsika? Mangani kota ina, dikiraninso. Pitirizani choncho mpaka injini iyambe kudodoma ngati ikufuna kuzima, pamenepo kumbukirani nambala yake. Kenako bwererani, muzimasula kota kota mukudikira, mudzamva kulira kukukwera, kukusalala, kugunda kwake kukhala kofanana thu thu thu thu, mukapitiriza kumasula idzayambanso kulemera ndi kudodoma mbali inayo. Malo abwino ali pakati pa kudodoma kuwiriko, pomwe injini ikulira mokwera kwambiri komanso mosalala.

Ngati kuli phokoso la mawailesi ndi ana pakhomo, dikirani kukhale bata, ntchito iyi ndi ya khutu. Ine ndimaikanso dzanja patali pang'ono kumbuyo kwa ekizozi, mpweya wotuluka umamenya pachikhatho ndipo kukakhala kudumpha kumamveka pa khungu khutu lisanamve.

Mukapeza pamwamba paja injini ikhala ikulira mokwera kuposa poyamba, nde bwererani pa sikuluwu ya idling muitsitse. CG125 imafuna injini izizungulira maulendo cha pa 1,400 pa mphindi, njinga zazing'ono zambiri za silinda imodzi zili chapomwepo, zazikulu zakale zimatsika kuposa apo. Ambiri tilibe geji yowerengera, nde mvetserani kuti ikulira modekha koma mosakayika, osaitsitsa mpaka kumagunda kamodzikamodzi pofuna kuti anthu aziti injini yabwino, pa liwiro lotsika choncho pampu ya oyilo sikankha mokwanira kupita kumutu kwa injini. Mukatsitsa, bwerezaninso kusintha ka mikisicha kaja koma tsopano theka la kota mbali iyi ndi mbali iyo, chifukwa masikuluwu awiriwa amakhudzana. Kawiri kapena katatu zimakhazikika. Pomaliza ine ndimapendekera pang'ono ku mbali ya mafuta, theka la kota basi, chifukwa injini zathuzi zimazizira ndi mphepo yokha ndipo mafuta akachepa zimatentha kwambiri pa mzere wa magalimoto.

Kuyesa kwake, ipatseni moto mwachangu n'kusiya. Iyenera kukwera osatsamwa n'kubwerera msanga pa idling n'kukhazikika. Ikachedwa m'mwamba onjezerani mafuta pang'ono, ikagwa pansi kufuna kuzima chepetsani. Kenako injini ikulira choncho khotetsani mahandulo mpaka kumapeto kumanja ndi kumanzere, kulira kusasinthe, kukasintha ndiye kuti kebulo ya mafuta yakokeka kapena yadutsa molakwika, pa chogwirira payenera kukhala kampata ka 2 mpaka 6 mm kebulo isanayambe kukoka. Zikatero ikwereni, kaimeni pa maloboti enieni, gwirani kilatchi muli pa giya yoyamba, yatsani nyali, muone ngati ikupirira. Ngati ikuzima pokhapokha mwalowetsa giya, kapena ikukoka kutsogolo kilatchi mutagwira, imeneyo ndi kilatchi yosamasuka bwino, sinthani kebulo yake.

Nanga mukapotoza uku ndi uku injini osasintha kalikonse? Kapena ka mafuta mwamasula kupitirira katatu ndi pomwe ikufuna kulira, kapena ka mpweya kakufuna kumangiratu? Pamenepo siyani kupotoza, pilot jet yatsekeka. Komanso kasikuluwu kakamasuka kwambiri sipuling'i sikagwiranso, kadzagwera pa msewu ndi mabampu. Tsekani tapu ya mafuta, masulani kasikuluwu kokhetsera pansi pa mbale ya fuloti mukhetsere mu kabotolo koyera muone zomwe zituluke. Tsiku lomwe ndinachita zimenezi koyamba, pansi pa botolo panali timadontho ta madzi tozungulira ngati mikanda ndi dzimbiri lofiira la mu thanki, nthawi imeneyo n'kuti ndikugula mafuta a m'zigubu chifukwa pa ma filling station panali mizere. Chotsani mbale, jeti yaikulu ili pakati, pilot jet ndi yopyapyala pambali pake mkati mwa kadzenje. Imasuleni ndi sikuludiraiva yokwana ndendende, iyang'aneni poloza kuwala, muyenera kuona kabowo kozungulira bwino. Popelani sipulei, uzirani ndi pampu, ngati yakanabe tengani kaulusi kamodzi ka kopa ka mu waya wa magetsi mupise mofatsa. Singano kapena waya wachitsulo ayi, mukulitsa bowo ndipo jeti yatha ntchito. Popelaninso mu njira za mu kabuleta momwe munatuluka jeti ndi kasikuluwu, maso mutatchinjiriza chifukwa sipulei imabwerera kumaso. Pochotsa ka mafuta kaja samalani, pamakhala sipuling'i, kawashala ndi kalabala kozungulira, tonse ting'onoting'ono, yalani nsalu pansi. Pobwezera pa kasikuluwu pamayamba sipuling'i, kenako washala, labala kumapeto.

Muli momwemo onaninso fuloti ndi singano yake, zomwe zimatseka mafuta mbale ikadzaza. Ngati kabuleta imadontha petulo pa kapaipi kapansi njinga itaima, mafuta akudzaza kupitirira muyezo ndipo idling idzalemera nthawi zonse, moti ka mpweya mudzamasula mpaka katatu osapeza pabwino. Singano ikakhala ndi mzere wodyeka pa nsonga gulani ina, ndipo ikani kafyuluta kakang'ono ka pa paipi ya mafuta, n'kotchipa ndipo m'mashopu a zida za njinga ku Limbe kamapezeka.

Pali zinthu ziwiri za kwathu kuno zomwe buku lochokera ku Japan silingakuuzeni. Choyamba petulo wa ku Malawi amasakaniza ndi ethanol, zinayamba mu 1982, wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndipo kenako ku Nchalo. Ethanol ali ndi okosijeni mwa iye yekha, nde mikisicha imapendekera ku mbali ya mafuta ochepa, komanso amakoka chinyezi ndi kuumitsa malabala akale omwe sanapangidwire mafuta otere. N'chifukwa chake njinga yoima miyezi iwiri petulo ali mu kabuleta imadzuka ndi pilot jet yotsekeka. Ngati muiimika nthawi yaitali tsekani tapu muisiye ilire mpaka izime yokha, kapena khetsani mbale.

Chachiwiri ndi kukwera kwa malo. Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, mpweya wake ndi wopepuka kusiyana ndi kunsi, ndipo zimenezi zimapendekera ku mbali ya mafuta ochuluka. Mukatsika ku Thabwa kupita ku Chikwawa ndi Nsanje mwafika pansi zedi, mpweya wolemera, njinga yomwe munaisintha bwino ku Ndirande ikhoza kuyamba kuphulika mu ekizozi ndi kuchedwa kutsika. Mukakwera phiri la Zomba zimatembenuka. Ngati mukungodutsa musavutike nazo, koma ngati mukakhalako masabata, kota imodzi imakwana. Nyengo nayo imakhudza, m'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa mpweya wozizira umalemera nde njinga imafuna mafuta ochulukirapo pang'ono, ikafika Okutobala mumabweza. Ine ndimasintha kawiri pa chaka, ndipo kusiyana kwake sikupitirira kota.

Amene muli ndi njinga za makabuleta awiri, njira ndi yomweyi koma kabuleta iliyonse payokha, ndipo masilaidi onse ayenera kunyamuka nthawi imodzi, pisani zala kumbuyo kwa makabuleta injini yozima wina akukoka mafuta pang'onopang'ono mumve ngati akunyamukira limodzi. Njira yakale yozula kapu ya pulagi imodzi kuti musinthe silinda inayo imagwira, koma kapu yozulayo muikemo pulagi ina yogunditsa ku chitsulo cha injini, makamaka ngati munaikamo igineshoni ya magetsi yamakono, apo ayi mupsereza koyilo kapena bokosi lake.

Yanga ija nditatsuka jeti ndi kusintha labala yong'aluka, inakhazikika pa kawiri ndi kota, ndipo nambala imeneyo ndinailemba ndi penti mkati mwa kava ya m'mbali pafupi ndi batire. Ndikayenda sabata imodzi ndimamasula pulagi kuiona mtundu, ndipo kasikuludiraiva kodula kaja kamakhala mu kabokosi ka zida pansi pa mpando limodzi ndi sipanala ya pulagi.